MMENE MAKOLO NDI APHUNZITSI A KU ICELAND ANALANDITSIRA ANA AO KU MOWA

Wolemba: Mtola-nkhani Wathu

M'chaka cha 1998 ana a sukulu a zaka 15 ndi 16 m'dziko la Iceland anafunsidwa ngati analedzerapo m'kati mwa masiku 30 apitawo, ndipo ana 42 mwa ana 100 ali onse anabvomera kuti anatero. M'chaka cha 2016 funso lomwelo linaperekedwa kwa ana a msinkhu womwewo, koma obvomera anali 5 okha. Osuta fodya tsiku ndi tsiku, amene anali 23, anatsika kufika pa 3, ndipo olawako chamba anachoka pa 17 kufika pa 7. Dziko limene achinyamata ake anali m'gulu la oledzera koposa mu Ulaya monse linasanduka, m'zaka zosakwana 20, dziko limene maiko ena amatumizako nthumwi kukaphunzira.

Awerengi athu, makamaka aphunzitsi ndi a nchito za Boma, adzafuna kudziwa chimene chinachitika, pakuti mwana wolowa m'kalasi maso ali psuu, mpweya uli kununkha, salinso wachilendo kwa mphunzitsi ali yense. Tinene poyambirira kuti a ku Iceland sanapeze mankhwala atsopano, ndipo sanaonjezere ndende. Chimene anachita ndicho kumanga mgwirizano wa makolo, aphunzitsi, makhonsolo, magulu a masewero, apolisi ndi anthu ofufuza a ku sukulu zaukachenjede, dera liri lonse ndi mgwirizano wake. Kunena kwake nkwapafupi, koma kuchita kwake kunadya zaka zambiri ndi ndalama zambirinso.

DZIKO LA CHISANU NDI MDIMA

Iceland ndi chilumba cha kumpoto kweni-kweni m'nyanja yaikulu ya Atlantic. Anthu ake sakwana 400,000, ndiko kunena kuti ndi ochepa kuposa okhala mu mzinda wa Blantyre wokha, ndipo oposa theka amakhala ku likulu lao, Reykjavik, ndi m'midzi yozungulira mzindawo. Dzina la dzikoli silachilendo kwa anthu a ku Mangochi, popeza kuyambira m'chaka cha 1989 lakhala likuthandizana ndi Malawi, poyamba pa za usodzi, pambuyo pake pa za zipatala, madzi ndi sukulu m'bomalo. M'mwezi wa December dzuwa limaoneka ku Reykjavik maola anai okha, pamene m'mwezi wa June usiku sukuda konse.

Mbiri ya mowa m'dzikomo njodabwitsa. Mowa wonse unaletsedwa m'chaka cha 1915. Vinyo analoledwanso m'chaka cha 1922 chifukwa a ku Spain anakana kugula nsomba za Iceland ngati Iceland sagula vinyo wao. Mowa waukali unaloledwa m'chaka cha 1935. Koma mowa wopepuka wa biya unakhalabe woletsedwa kufikira pa 1 March 1989. Ngakhale malamulo anali okhwima chotere, m'zaka za m'ma 1990 pakati pa mzinda wa Reykjavik pamadzaza anyamata ndi asungwana oledzera usiku wa Lachisanu ndi Loweruka kufikira mbanda-kucha, ambiri a iwo ali ana a sukulu.

ZOOPSEZA ZINALEPHERA

Njira imene inali kudziwika masiku amenewo inali yoopseza ana. Mlendo amafika pa sukulu, nafotokoza mmene mowa umaonongera chiwindi ndi mmene fodya amadyera mapapo, ana namvetsera mwaulemu, mlendoyo nachoka. Ku America njira imeneyi inakula kwambiri pansi pa dzina lakuti D.A.R.E., imene inayamba mu mzinda wa Los Angeles m'chaka cha 1983, apolisi obvala yunifolomu akulowa m'makalasi kukaphunzitsa ana kukana. Inafalikira m'sukulu zambiri-mbiri za dzikolo, koma ofufuza a m'zaka za m'ma 1990 anapeza kuti ana ophunzitsidwawo, pakupita kwa zaka, sanali kusiyana kweni-kweni ndi anzao osaphunzitsidwa. Mphunzitsi ali yense adzazindikira chifukwa chake. Mnyamata wa zaka 14 saopa nthenda yodzamgwira ali ndi zaka 50. Chimene amaopa ndi kusekedwa ndi anzake madzulo a lero lomwe.

Mmodzi wa anthu amene anaganiza mosiyana ndi Bambo Harvey Milkman, mphunzitsi wa za maganizo a anthu mu mzinda wa Denver ku America komweko. Iwo anaona kuti wakumwa ndi wosuta safuna chinthucho pa chokha, koma kusintha kumene chimadzetsa m'mutu: wina amafuna kuiwala nkhawa, wina amafuna kuti mtima uthamange. Tsono anadzifunsa ngati kusintha komweko sikungapezeke m'njira zosaononga. M'chaka cha 1992 anayambitsa ku Denver nchito yotchedwa Project Self-Discovery, kumene achinyamata amene anayamba kale kulowerera sanali kuuzidwa kuti abwera kudzachiritsidwa, koma kuti adzaphunzitsidwa chiri chonse chimene afuna, kaya kuyimba, kubvina, kujambula kapena masewero omenyana. Chaka chimodzi izi zisanayambe, m'chaka cha 1991, Bambo Milkman anaitanidwa ku Iceland kukakamba za maganizo ao, ndipo anapitiriza kupitako.

Amene anatenga maganizowo nawakulitsa anali eni dziko, makamaka Mai Inga Dóra Sigfúsdóttir, amene pa nthawiyo anali wofufuza wachitsikana pa University of Iceland, pamodzi ndi anzao, mmodzi wa iwo mlongo wao Bambo Jón Sigfússon. Funso lao linali lakuti: ngati njirayi ithandiza mwana amene wagwa kale, bwanji osaipereka kwa ana onse a m'dziko asanagwe? M'mera mpoyamba.

ANAYAMBA NDI KUFUNSA ANA

Poyambira pao panali pa kufunsa. M'chaka cha 1992 ana a zaka 14, 15 ndi 16 m'sukulu zonse za dzikolo anapatsidwa pepala la mafunso loyankha osalembapo dzina, ndipo izi zinabwerezedwa m'zaka za 1995 ndi 1997. Mafunsowo sanali a mowa ndi fodya okha. Mwana amafunsidwanso kuti amakhala nthawi yotani ndi makolo ake, ngati makolowo amadziwa kumene iye ali madzulo, ngati amadziwa anzake ndi makolo a anzakewo, chimene amachita akaweruka ku sukulu, ndiponso kuti ndi kangati pa sabata pamene amakhala kunja usiku.

Pamene mayankho anaikidwa pamodzi, chithunzi chinaoneka poyera. Ana osalowerera anali amene amakhala maola ambiri ndi makolo ao, amene makolo amadziwa mayendedwe ao, amene amachita masewero kapena zina zolongosoka katatu kapena kanai pa sabata pansi pa munthu wamkulu, amene amamva kuti ku sukulu alipo wowasamala, ndi amene sayenda-yenda usiku. Wina adzati zimenezi agogo athu anazidziwa kale-kale popanda pepala. Nzoona. Koma kudziwa chinthu mu mtima kumasiyana ndi kuchiona cholembedwa m'manambala pa dzina la sukulu yako, pamaso pa makolo anzako ndi a khonsolo amene asunga thumba la ndalama.

Pamenepa ndi pamene pagona mphamvu ya nchito yonseyi, ndipo tikupempha a nchito za Boma kuti apaonetsetse. M'maiko ambiri zofufuza zotere zimatumizidwa ku likulu, zimatha zaka ziwiri kapena zitatu zisanasindikizidwe, ndipo zikatuluka zimanena za dziko lonse pamodzi, kotero kuti palibe mphunzitsi wamkulu kapena kholo limene lingati nkhaniyi njanga. Ku Iceland bungwe lofufuza lotchedwa ICSRA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, limabweza zopeza zake ku khonsolo iri yonse ndi ku sukulu iri yonse pasanathe miyezi iwiri kapena itatu. Makolo, aphunzitsi, oyang'anira masewero ndi a zaumoyo amaitanidwa ku msonkhano, naonetsedwa mmene ana ao eni-eni ayankhira, ana amene akali m'kalasi lomwelo chaka chomwecho. Ngati manambala aonetsa kuti m'dera lakuti-lakuti ana ambiri amakhala kunja usiku, anthu a dera limenelo ndiwo amapangana chochita. Ndipo chaka chotsatira mafunso amabweranso, naulula ngati chopanganacho chagwira nchito kapena ai. Palibe wotchulidwa dzina, choncho palibe banja lochititsidwa manyazi, koma palibenso amene angabisale kuseri kwa mau akuti bvutoli nla kwa anzathu.

M'chaka cha 1997 Boma pamodzi ndi khonsolo ya mzinda wa Reykjavik linalengeza cholinga chakuti pofika 2002 dziko lidzakhale lopanda mankhwala ozunguza bongo. Cholinga chimenecho, monga mmene chinanenedwera, sichinakwaniritsidwe, ndipo palibe dziko limene linachikwaniritsapo. Phindu lake linali lakuti a ndale, ofufuza ndi ogwira nchito pakati pa ana anazolowera kukhala pa mphasa imodzi, ndipo chizolowezicho sichinathe pamene zaka zisanu zija zinatha.

LAMULO LA USIKU NDI MAKOLO OYENDERA

Lamulo loteteza ana la chaka cha 2002 likunena kuti mwana wa zaka 12 kapena zochepera asapezeke kunja yekha itapitirira 8 koloko madzulo, ndipo wa zaka 13 kufikira 16 asapezeke kunja itapitirira 10 koloko, pokhapokha ngati ali pa njira yochokera ku msonkhano wodziwika wa sukulu, wa masewero kapena wa achinyamata. Kuyambira pa 1 May kufikira pa 1 September, pamene usiku umakhala waufupi, nthawizi zimatalikitsidwa ndi maola awiri. Fodya sagulitsidwa kwa munthu wosakwana zaka 18, mowa kwa wosakwana zaka 20, ndipo kutsatsa malonda a zinthu ziwirizi nkoletsedwa. M'zaka zonse zimene nchitoyi inali kuzika mizu, wofuna botolo lopita nalo kunyumba anayenera kukagula ku sitolo ya Boma yotchedwa Vínbúðin, osati ku golosale ya pafupi.

Koma lamulo la usiku silisungidwa ndi apolisi kweni-kweni, ndipo mwana wopezeka kunja samangidwa. Osunga ake ndi makolo. M'madera ambiri makolo amagawana masiku, nayenda m'magulu ang'ono-ang'ono usiku wa Lachisanu kapena Loweruka, kuzungulira mabwalo a sukulu, masitolo ndi malo ena kumene ana amakonda kusonkhana. Akapeza ana amawalankhula mwaulemu ndi kuwakumbutsa nthawi. Kawiri-kawiri sapeza ali yense, ndipo wina angayese kuti ulendowo wapita pachabe. Koma m'kuyendako makolo a kalasi limodzi amadziwana, ndipo kholo limene layenda usiku m'chisanu pamodzi ndi bambo wa mnzake wa mwana wake silichitanso manyazi kumuimbira lamya kufunsa ngati anawo alidi kumene anena.

Pali bungwe la makolo la dziko lonse lotchedwa Heimili og skóli, ndiko kuti Khomo ndi Sukulu, limene linayamba m'chaka cha 1992. Bungweli linakonza mapangano amene makolo a kalasi limodzi amakambirana ndi kusaina pamodzi. Kwa ana okulirapo, makolo amalonjeza kusalola madyerero a achinyamata m'nyumba mopanda munthu wamkulu, kusagulira mwana mowa, kusunga nthawi za usiku, ndi kuyang'anira ana a anzao monga ao omwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anatero akulu-akulu, ndipo a ku Iceland anangoulemba mwambiwo pa pepala. Nzeru yake njakuti chida chachikulu cha mwana ali yense pa dziko lapansi ndi mau akuti anzanga onse amaloledwa. Kholo lokhala lokha limagonja ku mau amenewa, poopa kuoneka lankhanza. Koma kholo limene linaona ndi maso ake makolo ena 20 akusaina pangano lomwelo limadziwa kuti mwanayo akunama, ndipo limakana mtima uli m'malo. Lamulo la sukulu la chaka cha 2008 linalimbitsa zimenezi polamula kuti sukulu iri yonse ikhale ndi bungwe la makolo, ndi kuti makolo akhale ndi mipando m'komiti yoyendetsa sukuluyo.

Uthenga umene makolo anali kumva pa misonkhano unali wosavuta: kuchuluka kwa nthawi ndiko kofunika. Kutenga mwana kupita naye ku malo okongola kamodzi pa mwezi sikulingana ndi kudya naye pamodzi madzulo ali onse. Pakati pa 1997 ndi 2012 ana a zaka 15 ndi 16 onena kuti amakhala ndi makolo ao kawiri-kawiri m'kati mwa sabata anachuluka kuchoka pa 23 kufika pa 46 mwa 100. Kuyambira m'chaka cha 2006, mwa chilimbikitso cha Pulezidenti wa nthawiyo, Bambo Ólafur Ragnar Grímsson, sukulu zimakhalanso ndi tsiku lapadera chaka ndi chaka lokambirana zimenezi ndi ana eni ake.

KULETSA KUFUNA CHOLOWA M'MALO

Mwana wochotsedwa pa mseu ayenera kupatsidwa kwina kopita, apo ai adzabwerera. Apa ndi pamene makhonsolo anatulutsa ndalama. Anathandiza magulu a mpira, osambira, oyimba, obvina ndi ojambula, ndipo m'chaka cha 2007 mzinda wa Reykjavik unayamba kupereka kwa mwana ali yense wa zaka 6 kufikira 18 chithandizo cha pachaka cholipirira zimenezi, chimene m'chaka cha 2016 chinali makrona 35,000. Ndalamayi siperekedwa m'manja mwa kholo. Imapita ku gulu limene mwana walembetsa, kotero kuti singathere ku zina. Ana ochita masewero kanai kapena kuposa pa sabata anachuluka kuchoka pa 24 kufika pa 42 mwa 100 pakati pa 1997 ndi 2012.

Chofunika kuzindikira nchakuti zofufuza zija sizinayamikire mpira uli wonse. Mpira wa anyamata okha-okha pa bwalo lopanda mwini ungathe kukhala pomwe ndudu yoyamba imayatsidwira. Chimene chimateteza ndi gulu lokhala ndi nthawi yake yodziwika ndi munthu wamkulu wophunzitsidwa bwino, amene amazindikira mwana akajomba ndipo amafunsa chifukwa. Okonda mpira adzakumbukira kuti m'chaka cha 2016 timu ya kadziko aka inagonjetsa England ndi zigoli 2 kwa 1 pa mpikisano wa maiko a ku Ulaya, ndipo m'chaka cha 2018 inafika ku mpikisano wa dziko lonse ku Russia. Sitinganene kuti zigolizo zinabadwa m'nchito yoletsa mowa, koma mabwalo ofoleredwa ndi aphunzitsi a masewero amene anakonzedwera ana onse ndi omwewo amene osewerawo anakuliramo.

MAU A OTSUTSA

Sikungakhale chilungamo kubisa kuti alipo akatswiri okayika. Iwo amati m'zaka zomwezo kumwa kwa achinyamata kunatsika m'maiko ambiri a ku Ulaya, ngakhale kumene kunalibe makolo oyendera usiku, ndipo mwina chifukwa china nchakuti ana a masiku ano amacheza pa lamya za m'manja ali m'zipinda zao m'malo mosonkhana pa mseu. Amatinso popeza nchitoyi inagwira dziko lonse nthawi imodzi, nkobvuta kuloza kuti chinathandiza kweni-kweni ndi chiti, lamulo, masewero kapena makolo. A ku Iceland amayankha kuti kutsika kwa kwao kunaposa kwa anzao, ndi kuti zofufuza zimene Bambo Álfgeir Kristjánsson ndi anzao anasindikiza m'chaka cha 2010 zinaonetsa kusintha kokulirapo m'madera amene anagwira nchitoyi mwakhama kuposa m'madera amene sanatero. Ife tiona kuti mbali zonse ziwiri ziri ndi choonadi chake, koma otsutsawo sanaonetse njira ina imene inachita bwino kuposa iyi.

Chokayikitsa chachikulu ndi chakuti kodi mbeu imeneyi ingamere m'nthaka yina. Iceland ndi dziko lolemera, la anthu ochepa a chilankhulo chimodzi, kumene pafupi-fupi mwana ali yense wa zaka 15 ali pa sukulu, kotero kuti pepala la mafunso limawapeza onse. Kumene ana ambiri a msinkhuwo anasiya kale sukulu, pepalalo lidzaphonya amene ali pa ngozi yoposa. Kumenenso kachasu amatchezedwa kuseri kwa nyumba ndipo ndiye amalipirira fizi ya mwana wa wotchezayo, lamulo la zaka za wogula silingagwire monga limagwirira pa sitolo ya Boma. Makrona 35,000 pa mwana ali yense si ndalama imene khonsolo iri yonse ingapeze. Komabe mbali zina za nchitoyi, monga kufunsa ana, kubweza mayankho msanga kwa eni dera ndi pangano la makolo, sizilira chuma chambiri.

Ngakhale ku Iceland komweko nkhondo sinathe. Ana ambiri amene amafika zaka 16 osalawa mowa amayamba akalowa sukulu zapamwamba, kumene diso la makolo limachepa. Pamene ndudu zinatha mphamvu panabwera fodya wa magetsi wokoka nthunzi, kenaka timatumba ta nikotini toika kuseri kwa mlomo, ndi zakumwa zopatsa mphamvu zimene zimalanda ana tulo. Mafunso a chaka ndi chaka aja ndiwo anaonetsa zatsopanozi msanga, ndipo anaonjezeredwa kuti azifunsanso za tulo, za maola a pa lamya ndi za nkhawa za mu mtima.

Kuyambira m'chaka cha 2006 mizinda yina ya ku Ulaya inayamba kutsata njirayi pansi pa dzina lakuti Youth in Europe, ndipo pambuyo pake nchitoyi inatchedwa Planet Youth pamene inaoloka nyanja. Maboma atatu a kumadzulo kwa Ireland, ndiwo Galway, Mayo ndi Roscommon, anayamba kufunsa ana ao m'chaka cha 2018. Dziko la Chile, ku South America, litayesa m'makhonsolo owerengeka, linailandira m'chaka cha 2019 kukhala nchito ya Boma ya dziko lonse, pansi pa Pulezidenti Sebastián Piñera. A Planet Youth amapangana ndi dera lofuna kulowa kuti ligwire nchitoyi zaka zisanu.